Chaka chimene ndinadikira yankho la matope

Nyumba yathu inagwa chaka cha namondwe uja, madzi atatsika m'phiri ndi miyala ndi mitengo yomwe. Akuluakulu ankati ndi napolo, chinjoka cha m'phiri. Ine njoka sindinaione, ndinangoona mtondo wanga ukulowera kumtsinje wa Ruo ngati wachita kuitanidwa. Tinapulumuka tonse atatu, ine, bambo a mwana ndi mwana kumbuyo. Madzi ataphwa tinamanga chisakasa cha mapesi ndi pepala lakuda la pulasitiki pomwe panali khitchini, nkumauzana kuti ndi chongoyembekezera.

Malo amenewo ndi a malemu amayi anga, kumtunda pang'ono kwa dambo, mbali ya ku Limbuli. Kwathu mwamuna ndiye amabwera kwa mkazi, ndipo bambo a mwana anabweradi. Kwawo ndi cha ku Nkando. Anabwera kudzathyola tiyi ku esiteti, nkundipeza ndikugulitsa nyemba za kalongonda pageti, basi za kubwerera kwawo zinathera pambale yanga ija. Anali mkamwini wabwino, woti ngakhale atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, amene sayamika munthu msanga, ankati uyu yekha khasu amalidziwa.

Mvula itatha bambo a mwana anayamba kuumba njerwa. Ankaweruka kutiyi, kudya pang'ono, kenako kulowa m'dzenje kukaponda dothi. Ine ndinkatunga madzi ndi kutsuka chikombole. Njerwa zinachuluka, zinauma bwino, tinazisanja. Zitangotsala kuti ziotchedwe ndi pamene iwo anatulutsa zimene zinali kumtima. Anati sangamange nyumba kawiri kumangira madzi. Anati ku Nkando kuli nyumba yawo yapaunyamata, makoma ake ali chilili, ndipo kulibe mtsinje wochokera m'phiri pafupi. Njerwazi tiotche, tigulitse, tikapezere malata kumeneko.

Atsibweni atamva anabwera m'mawa mwake panjinga. Iwo ndiwo mwini mbumba, ndipo mitengo yonse ya pamalopo, mango akuluakulu aja ndi bulugamu wa kumalire, sungaigwetse iwo asanalole. Anati mkazi sasamuka pamalo pa amake, amene amasamuka ndi mwamuna. Anati napolo akadutsa amakhala wadutsa, sabwerera njira imodzi kawiri. Anandifunsa kuti manda a amayi azisesa ndani. Pomaliza anati ngati nyumba imangidwa pompo, mango awiri agwe mawa lomwe tiotchere uvuni, koma nkhuni za mbumba sizingaotche njerwa zokakometsa mudzi wa eni.

Ndiye nkhani inaima pamenepo. Popanda nkhuni palibe uvuni, ndipo njerwa zosaotcha zikakumana ndi mvula zimabwerera komwe zinachokera. Amuna awiri aja sanakanganenso, onse anangotembenukira kwa ine. Malo ndi anga, mwana ndi wanga, ndinene ndine.

Tsono ine ndine munthu wodikira. Wophika kalongonda sathamanga, chifukwa ukamuphula msanga upha anthu, ndipo ine khalidwe limeneli ndinalitengera paliponse, ngakhale pamene silikufunika. Ndikayang'ana atsibweni ndinkaona nkhope ya amayi. Ndikayang'ana bambo a mwana ndinkaona mapazi awo ong'aluka ndi dothi la m'dzenje. Ndinkati ndiyankha, koma tsiku lililonse pankapezeka ntchito ina yofunika kuposa kuyankha.

Masiku omwewo kudambo kwathu kunafika galimoto yonyamula mapaipi. Ena ankati akufuna golide, ena ankati mafuta, ndipo mayi wina wa kutchalitchi kwathu anati abwera kudzafufuza pomwe napolo analowera. Anali anthu a ku yunivesite, amuna angapo ndi mkazi mmodzi wamsinkhu wanga wovala majombo. Anafuna amayi owathandiza kunyamula katundu kuchoka pakati pa dambo kufika pomwe galimoto inaima, poti matayala akanatitimira. Ndinalowa nawo ganyuyo, mwana kumbuyo. Mkazi uja ankanditchula kuti asisi, ine ndinkamutchula kuti achemwali.

Ntchito yawo inali yoti munthu ukaiona koyamba uganiza kuti akusewera. Ankayala matabwa pamatope, kuimapo, nkumakankhira paipi pansi mpaka yonse italowa. Akaizula inkatuluka yodzaza matope. Ankaitseka uku ndi uku, kujambulapo kamuvi kosonyeza kumene kunali kumwamba, kenako kulowetsanso ina m'dzenje lomwelo kuti ikatenge a pansi pake. Ife tinkasenza paipi imodziimodzi pankhata, chogoneka, ndipo achemwali aja ankatichonderera kuti tisapendeketse, tisathamange, tisaigwetse. Pazimenezi ndinalibe mnzanga. Amayi ena ankafika kugalimoto ine ndili pakati pa njira, ndikuyenda ngati mkwatibwi. Achemwali anati ine ndiye ndimanyamula bwino, ndipo aka kanali koyamba m'moyo mwanga munthu kundiyamikira chifukwa chochedwa.

Matope oyamba, a pamwamba penipeni, kuya kwake ngati mkono wanga, sankawasunga. Ankawakokolola nkuwaponya m'ndowa. Anali akuda bii, osalala, opanda miyala. Ndinaona kuti nkutaya chinthu chabwino, ndipo ndinawapempha. Achemwali anati tengani. Ndinakazira nawo pansi m'chisakasa chathu, ndipo panasalala mpaka mwana ankakwawa osakalika maondo. Anzanga ankabwera kudzaona.

Tsiku lina titapuma pamthunzi wa galimoto ndinawafunsa chimene ankafuna m'matope amenewa. Anatsegula paipi ina imene inali yong'amba pakati, ndipo ndinaona mizere yogonerana. Wina wakuda, wina wotuwa, wina wa mchenga, wina wofiirira. Wotuwa uja unandidzadza malovu m'kamwa. Ndili ndi pakati ndinkadya dothi la pachulu tsiku ndi tsiku, ndipo chilakolako chake sichinatheretu, ndiye lotuwa lija linkaoneka lokoma kuposa lonse limene amagulitsa pamsika wa Limbuli. Achemwali anaona mmene ndinkaliyang'anira, anaseka, nkusunthira paipi ija kumbali kwawo.

Anandifunsa ngati ndinaonapo pansi pa nyumba yakale pataswekera. Ndinati inde, yathu yomwe itagwa ndinaona: uku kuzira kwanga, pansi pake kuzira kwa amayi, pansi pakenso kwa agogo, aliyense ndi dothi limene ankalikonda. Anati dambo nalo limadzizira lokha chomwecho. Mvula ikabwera imasiya dothi, masamba, mungu wa maluwa ndi timakala ta moto wa m'tchire, ndipo zina zimabwera nkugona pamwamba pa zinzake. Ukamapita pansi ndiye kuti ukupita kale. Akaona mungu wa mitengo ya m'nkhalango amadziwa kuti nthawi imeneyo kunali mvula yambiri, akaona wa udzu wokhawokha ndi makala amadziwa kuti kunali kouma.

Kenako anayamba nkhani yaitali, yomwe ndiifotokoza monga ndinaimvera. Anati kalekale, zaka zoposa zikwi khumi zapitazo, mayiko akumpoto kwenikweni anali okwiririka ndi madzi oundana, okhuthala ngati kutalika kwa phiri lathu. Ine madzi oundana ndimawadziwira m'mafirizesi a ana asukulu, ndiye ndinayesa kuganiza firizesi yaikulu ngati phiri, mutu unakana. Madzi amenewo atayamba kusungunuka anathamangira m'nyanja yamchere. Anati m'nyanjamo muli mitsinje yopanda magombe: madzi ofunda amayenda pamwamba kupita kumpoto, akakazizira amamira, nkumabwerera chapansi. Koma madzi osungunuka aja analibe mchere, anali opepuka, sankamira, ndiye mtsinje wa m'nyanja uja unayamba kuyenda mwaulesi. Utatero, kutentha kunasintha malo, mvula nayo inasuntha. Kwina kunauma, kwina kunagwa yambiri. Iwo ankafuna kudziwa kuti kuno kwathu kunachitika chiyani. Anatinso anzawo ena anapita pasitima kukazula matope pansi pa nyanja, kumene Zambezi amathirako, poti dothi lathu limapita ndi Ruo, kulowa mu Shire mpaka kukafika kumeneko. M'matope a m'nyanjawo muli tizigoba ting'onoting'ono timene timasonyeza mmene madzi ankafundira, ndipo akayerekeza a kumeneko ndi a m'dambo lathu aona ngati nyanja ndi mvula zinkasinthira pamodzi.

Ndinkavomera ndi mutu monse muja. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, ndipo luso lovomera ndi mutu ndinalitenga komweko. Pa zonse zimene ananena, ndinafika nacho kunyumba chimodzi chokha: matope amadziwa za mvula. Zoti ndi mvula ya liti ndinazisiya pamthunzi wa galimoto.

Madzulo ake ndinauza bambo a mwana, ndipo mawa lake ndinatumiza uthenga kwa atsibweni, kuti anthu ophunzira atenga dothi la m'dambo lathu kukaliyeza, ndipo likayezedwa tidziwa ngati madzi aja adzabwerenso. Ndinati si nzeru kuti tilimbane pomwe yankho lili m'njira. Sindinkanama dala, ndinkakhulupiriradi. Koma ndikaganiza lero, ndinakhulupirira msanga kwambiri chifukwa zinandikomera.

Chodabwitsa nchakuti onse awiri anavomera. Atsibweni anati dothi la makolo awo silingatsutsane nawo. Bambo a mwana anati anthu asukulu sangauze munthu kuti amange m'njira ya madzi. Aliyense ankaona kuti wapeza mboni yake. Pakhomo panabwera mtendere umene unasowa kuyambira tsiku la namondwe, mpaka Lamulungu lina anakhalira limodzi kudya nanazi, kumakamba za mpira. Ine ndinkawayang'ana nkumadziyamikira kuti ndine mkazi wanzeru.

Anthu a mapaipi aja anapita, achemwali atanena kuti adzabweranso kusanagwe mvula. Mbiri inafika kumjigo. Amayi anayamba kundifunsa kuti chaka chino tidzale liti, mvula ibwera msanga kapena ichedwa, chimanga tidzale chakale kapena cha makono. Wina anafunsa ngati matopewo anganenenso za amuna ake amene anapita ku Joni osatumiza kanthu. Ananditcha dzina loti a zanyengo. Ndinkachita ngati sindikulifuna, koma ndinkayankha pang'onopang'ono ngati wa pawailesi, kuti tikudikira zotsatira. Nthawi zina ndinkawafotokozera za mtsinje wa m'nyanja, ndipo tsiku lililonse unkayenda njira yosiyana ndi ya dzulo lake, koma panalibe wonditsutsa.

Mphepo ya Ogasiti inabwera nkupita. Mango anachita maluwa, anayamba timatunda. Anzathu amene nyumba zawo zinagwa limodzi ndi yathu anaotcha mauvuni awo, utsi unkadutsa pakhomo pathu, kenako tinayamba kumva kukhoma kwa malata. Pepala lathu lija dzuwa linaliwotcha mpaka linayamba kuthetheka ukaligwira. Masana m'chisakasa munkatentha ngati m'chiwaya, m'mawa munkalowa fumbi, ndipo mwana anayamba chifuwa chosatha. Kuchipatala anandipatsa mankhwala nkundifunsa kumene timagona. Mitambo itayamba kusonkhana pamutu pa phiri, bambo a mwana anamweta udzu nkufunditsa njerwa zija. Sanandikalipire. Anangofunsa ali chogwada pamuluwo, osandiyang'ana:

“Amayi a mwana, matope anu aja sanayankhebe?”

Ndinati zinthu za kumakina sizifuna phuma.

Achemwali anabweradi, Okutobala ali kumapeto. Anabwera okha ndi dalaivala kudzatunga madzi a m'dambo m'timabotolo. Nditangomva ndinabereka mwana nkuthamanga, ine amene sindithamanga. Anandilandira bwino, anamugwira mwana tsaya, nkuyamba kundiuza mosangalala kuti paipi zathu zinafika bwino, ndipo zikuoneka kuti matope a pansi aja ndi akale monga ankayembekezera. Ndinadikira kuti amalize. Kenako ndinafunsa.

“Achemwali, ndiye matope akuti chiyani? Madzi aja abweranso kapena ayi? Kunyumba akudikira kuti timange pati.”

Anasiya kutunga, botolo lili m'manja.

“Asisi, akudikira chiyani?”

Ndinawafotokozera zonse, za njerwa, za nkhuni, za atsibweni, za ku Nkando. Ndikulankhula iwo anakhala pansi pa udzu, majombo ali m'madzi.

“Mayo ine. Asisi, matope amene tinatenga aja amanena za nthawi imene kuno kunalibe mudzi wanu, kunalibe chimanga, kunalibe tiyi. Za chaka cha mawa sanena. Ndipo kuwayeza onse kutitengera zaka.”

Ndinafunsa kuti nanga mvula yathuyi, ya ine ndi amayi ndi agogo, siinalembedwe m'dambomo? Anati ikanakhala m'matope a pamwamba aja, koma amenewo makasu anawatembenuza kalekale, mbuzi ndi anthu anawapondaponda, mizere yake inasokonekera, nchifukwa chake sankawasunga.

“Aja tinkaponya m'ndowa aja,” anatero.

“Aja ndinakazira m'chisakasa aja?”

“Omwewo.”

Ndiye kuti chilimwe chonse ndinkadikira yankho lochokera kutali, pomwe kachigawo kokhako ka dambo kamene kanaonako zaka zanga ndinkagonapo, ndikusesapo m'mawa uliwonse, mwana akukodzerapo. Ndinayamba kuseka, iwonso anaseka pang'ono, koma analeka msanga ataona kuti kuseka kwanga kukupita kwina.

Anapepesa kuti tsiku lija analankhula zambiri osandifunsa chimene ndamva. Ndinawafunsa kuti iwo, osati matope, akuona bwanji. Anati iwo si olosera za nyengo, ndipo sangandiuze za chaka chino kapena cha mawa. Chimene amadziwa nchakuti nyanja ikufunda masiku ano, ndipo ikafunda anamondwe amanyamula madzi ambiri. Anayang'ana chigwa chimene madzi anatsikira, miyala ikuluikulu ili mbwee mpaka pafupi ndi chisakasa chathu, nkunena kuti pomwe madzi anadutsa ndiye kuti pali njira yake.

“Akanakhala mwana wanga, pamenepo sindikanamugoneka. Koma malo si anga, asisi. Ine ndikwera galimoto ndipita.”

Pobwerera kunyumba ndinayenda pang'onopang'ono kuposa tsiku lililonse limene ndinasenza paipi. Ndinaganiza zoti ndikangonena kuti matope akana. Palibe akanapita ku yunivesite kukafunsa, atsibweni akanakwiyira dothi, ine nkukhala wosalakwa. Ndinayeserera mawu ake m'njira, ankamveka bwino ndithu. Koma mwana anatsokomola kumbuyo, chifuwa chija chimene ndinkachimva pamsana panga penipeni, ndipo ndinaona kuti yankho ndinali nalo kuyambira tsiku limene tinakwera naye pachulu madzi ali m'chiuno. Chimene ndinkafuna m'matope aja ndi pakamwa pobwereka.

Mawa lake onse awiri anakhala pansi pa mango, aliyense nkhope yowala ngati wopambana kale. Ndinagwada chapatali monga mwa ulemu.

“Atsibweni, matope aja sananene kanthu, ndipo sanena. Ndinamva molakwika ndine. Koma ine pano sindigonekanso mwana. Tipita ku Nkando.”

Bambo a mwana anatsegula pakamwa, ndinawayang'ana, anatseka. Atsibweni anafunsa ngati anandiuza zimenezi ndi anthu asukulu aja kapena mkamwini. Ndinati palibe, ndanena ndekha. Anapukuta fumbi pachishalo cha njinga, fumbi loti panalibe. Kenako anati amva. Anati mawu awo aja sasintha, mango sagwa. Ndinati ndikudziwa.

Bambo a mwana anayendayenda kufuna nkhuni kwina, koma nthawi imeneyo aliyense anali ataotcha kale zake, ndipo amene anali ndi mtengo ankaudziwa kufunika kwake. Asanapeze, mvula yoyamba inabwera masana ena ndi mphepo, inaulutsa udzu wofunditsa uja, nkugwa mpaka madzulo. Mulu wa njerwa unakhala pansi ngati munthu wotopa. Iwo anaima pamenepo manja ali m'chiuno, nkunena kuti sanadziwe kuti chilimwe chonse ankaumba phala. Ndinadikira mawu ena owawa, omwe ndinkayenera kuwamva, koma anangonditcha a zanyengo nkulowa kukamanga katundu. Dzinalo sanalisiye mpaka lero. Mitambo ikangoda amandifunsa ngati ofesi yanga yalengeza kale.

Tsiku lonyamuka atsibweni anabwera, anamangirira mphasa ndi ndowa panjinga yawo, nkuikankha mpaka pasiteji. Minibasi itaima anati munda alima okha chaka chino, nandolo akacha ndibwere ndidzathyole, ndipo tsiku losesa kumanda ndisadikire kuitanidwa. Ndinati ndamva. Sanandigwire chanza, anagwira cha mwana.

Ku Nkando malata sitinagule. Bambo a mwana ndi achimwene awo anafolera nyumba ija ndi udzu, pepala latsopano pansi pake. Ine ndinasanduka mtengwa, wofunsa pomwe pakhala mtondo, wopatsidwa munda wa kumapeto, wophika kalongonda amene apongozi anga amamuyang'ana kaye nthawi yaitali asanadye. Kumjigo kwa kuno palibe amandifunsa za mvula, ndipo ine sindiyambitsa. Nthawi zina ndikamva pawailesi za nyanja imene ikufunda ndimakweza mawu ake, ndimvetsere mpaka kumapeto, ndisatengenso theka.

Mvula yeniyeni ya chaka chimenecho inatipeza masana, ndili pakhonde ndi apongozi tikuswa mtedza wobzala. Itangoyamba kugunda ndinadzambatuka, ndinasonkhanitsa mabeseni ndi mapoto onse, nkulowa nawo m'nyumba kuti nditchere modontha. Ndinazungulira chipinda chonse nditayang'ana kudenga. Apongozi anasuzumira pakhomo nkufunsa kuti mapoto awo ndikupita nawo kuti. Mwana anali m'tulo pamphasa, pakamwa yasa, osatsokomola, ndipo ine ndinaima pakati pa nyumba ndi beseni louma m'manja mpaka apongozi anati ngati ndikufuna madzi ndikatchere panja, ndi komwe ikugwa.